Kalata yotseguka kwa akuluakulu a zokopa alendo: malo athu ayesedwe ndi muyeso umodzi wolembedwa poyera

Kwa Olemekezeka a Nduna yoona za zokopa alendo, a Mlembi Wamkulu mu undunawu, akuluakulu amene amapereka ziphaso ndi nyenyezi ku malo ogona alendo, komanso akuluakulu a ofesi yosonkhanitsa ziwerengero za dziko ya National Statistical Office ku Zomba,

Ndikulemba kalatayi monga munthu amene ntchito yake ndi kukonza maulendo ndi kuperekeza alendo m'madera osiyanasiyana a dziko lino. Pempho langa ndi lakuti Malawi akhale ndi ndondomeko yakeyake yoyesera ndi kusanja malo okopa alendo, yolembedwa poyera, yotsamira pa ziwerengero zimene munthu wina aliyense angathe kuzitenga, kuziwerengetsera yekha, n'kupeza yankho lomwelo limene inu mwapeza. Zaka zapitazi takhala tikumva kuti ulimi, zokopa alendo ndi migodi ndiyo mizati imene chuma chathu chiyenera kuimapo. Ngati zilidi choncho, mbiri ya gombe la Senga Bay, phiri la Mulanje kapena nkhalango ya Vwaza ndi chuma cha dziko, ndipo sitingaisiye m'manja mwa aliyense amene ali ndi foni ndi mphindi ziwiri zolembera ndemanga.

Kusanjako kukuchitika kale, kaya ife tifune kaya tisafune. Mlendo wa ku Berlin kapena wa ku Johannesburg, asanagule tikiti ya ndege, amayamba waona malikisi amene malo athu apatsidwa pa intaneti, pa Tripadvisor ndi pa Google, kumene amayambira pa 1 kulekezera pa 5, kapena pa Booking.com, kumene amalekezera pa 10. Boma la America, kuyambira mu Januwale 2018, limaika dziko lililonse m'limodzi mwa magawo anayi a machenjezo kwa nzika zake zoyenda maulendo. Bungwe la World Economic Forum nalo linatulutsa mu 2024 mndandanda wa mayiko 119 pogwiritsa ntchito zizindikiro 102, ndipo pamwamba panali America, Spain ndi Japan. Mndandanda umenewu umayesa zinthu zimene zimathandiza kuti ntchito yokopa alendo ikule m'dziko, monga maulendo a ndege, misewu, zipinda za mahotela ndi malamulo a zamalonda, choncho dziko losauka limapezeka m'munsi ngakhale mlendo amene walichezera abwerere kwawo akumwetulira. Zonsezi zili ndi ntchito yake. Koma palibe chimodzi mwa izo chimene chinakonzedwa kuti chithandize mphunzitsi wa ku Mchinji kusankha kokapita ndi ana a sukulu, kapena kuthandiza unduna wanu kudziwa malo amene akufunika thandizo msanga.

Za ndemanga za pa intaneti, nkhani imodzi ndi yokwanira kuonetsa pamene zimafookera. Mu Novembala 2017 malo odyera otchedwa The Shed at Dulwich anafika pa nambala 1 mwa malo odyera onse a mu London pa Tripadvisor, chikhalirecho kunalibe malo odyera aliwonse. Kanali kashedi ka kuseri kwa nyumba kumene mtolankhani wina, Oobah Butler, ankakhala, ndipo ndemanga zoyamikira chakudya chimene sichinaphikidwepo ankalemba ndi anzake. Chaka chotsatira bwalo la milandu la mumzinda wa Lecce ku Italy linalamula munthu wina kukakhala kundende miyezi 9 chifukwa chogulitsa ndemanga zabodza kwa eni mahotela ndi malo odyera. Ngati zoterezi zinatheka m'mayiko amene malo amodzi amalandira ndemanga mazanamazana, kulibwanji kuno kumene loji yambiri ili ndi ndemanga zowerengeka pa zala, kotero kuti achibale asanu a mwini malo angathe kuikweza, ndipo wopikisana naye mmodzi wanjiru angathe kuigwetsa?

Maziko a zonse zimene ndikupempha ndi akuti muyeso ulembedwe ndi kulengezedwa kuyesa kusanayambe. Aliyense amene anagulitsapo chimanga kapena soya kwa mavenda amadziwa chifukwa chake mlimi amayamba wayang'ana ngati sikelo ili ndi chidindo cha bungwe la Malawi Bureau of Standards thumba lisanakolekedwe, pakuti sikelo imene imakonzedwa katundu ali kale pambedza imapereka yankho limene mwini wake akufuna. Choncho ndondomekoyo inene poyera zinthu zimene zidzayesedwe, njira yoyesera chilichonse, ndi kuchuluka kwa malikisi amene mbali iliyonse idzatenge: angati ku ukhondo wa madzi ndi zimbudzi, angati ku chitetezo, angati ku kasamalidwe ka chilengedwe, angati ku maganizo a alendo. Kugawa malikisi kumeneku si masamu okha ayi, ndi chisankho cha anthu, ndipo anthu anzeru angathe kusiyana maganizo pa icho. N'chifukwa chake chiyenera kukambidwa ndi eni malo, otsogolera alendo, makhonsolo ndi mafumu zotsatira zisanadziwike, nthawi imene palibe akudziwa kuti kagawidwe kakuti kakomera yani. Kagawidweko kakadzasinthidwa m'tsogolo, chifukwa chake chilembedwe, ndipo zotsatira za chaka chapitacho ziwerengedwenso ndi kagawidwe katsopanoko, kuti tisamaombere m'manja malo amene akwera chabe chifukwa chakuti muyeso wasuntha.

Ndikudziwa kuti ndondomeko yopereka nyenyezi ku mahotela ndi maloji ilipo kale, ndipo sindikuinyoza. Koma nyenyezi zimanena za nyumba: kukula kwa chipinda, bedi, madzi otentha, khitchini. Mlendo sabwera ku Nkhata Bay kudzaona bedi. Amabwera kudzaona dera lonse, ndipo deralo, ndi gombe lake, msika wake, msewu wake ndi chipatala chimene chili pafupi, ndilo lilibe muyeso mpaka lero.

Pamene pakufunika kudekha kwambiri ndi pa funso lakuti ziwerengerozo zikuwerenga yani, ndipo zikusiya yani. M'malo ogona alendo ang'onoang'ono a m'maboma athu mumapezeka buku lalikulu lachikuto cholimba, lomangidwa ndi kachingwe pa kauntala, lokhala ndi mizere yojambula ndi rula: tsiku, dzina, kochokera, kopita, nambala ya chipinda, ndi kadanga kakang'ono kumapeto ka ndemanga. Mukatsegula mumapeza madalaivala a mathiraki, aphunzitsi obwera kudzayang'anira mayeso, ogulitsa mankhwala a mbewu, mabanja obwera ku ukwati kapena ku maliro, ndipo m'kadanga komalizako mwalembedwa mawu ngati akuti madzi kunalibe m'mawa, kapena akuti mayi wa kukhitchini amaphika bwino. Loweruka lililonse la m'chilimwe maminibasi ndi makosita amatsika kuchokera ku Lilongwe kupita ku Salima atadzaza amayi a Mvano, magulu a kwaya, ana a sukulu ndi anthu a banki m'khonde okagawana ndalama zawo kunyanja. Anthu onsewa ndi alendo, amalipira pachipata, amagula nsomba ndi zakumwa, koma pafupifupi palibe mmodzi wa iwo amene amakalemba ndemanga m'Chingerezi pa tsamba la kunja. Zotsatira zake n'zakuti malo amene amalandira Amalawi ambiri amaoneka ngati opanda alendo, pamene kaloji kamene kamalandira azungu ochepa koma okonda kulemba kamaoneka ngati ndiko Malawi yense. Kafukufuku wa maganizo a alendo achitike m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao ndi m'Chitonga monga momwe achitikira m'Chingerezi, pa pepala komanso pa foni wamba yosalowa pa intaneti, ndipo ofunsawo ayime pachipata n'kumafunsa munthu wachisanu kapena wakhumi aliyense wotuluka, m'malo modikira okhawo amene akwiya kwambiri kapena asangalala kwambiri kuti adzipereke okha.

Pa nkhani yomweyi, kusowa kwa chiwerengero kusasandutsidwe malikisi otsika. Malo ambiri a kumpoto ndi a m'mapiri ali kumene netiweki imavuta, ndipo ena alibe ngakhale munthu wolemba alendo pachipata. Ofesi ikalandira fomu yopanda kanthu kuchokera kumalo oterewa, chiyeso chimakhala cholemba ziro kapena kungochotsa malowo pamndandanda, ndipo njira zonse ziwirizi zimalanga dera chifukwa cha umphawi wake. Cholondola ndi kulemba poyera kuti mbali yakutiyakuti sinayesedwe, ndi kutumiza munthu kukayesa. Ndiponso kuchuluka kwa ndemanga kuzionetsedwa pambali pa malikisi nthawi zonse. Tiyerekeze kuti loji ina ili ndi ndemanga 3 zokha ndipo zonse zapereka 5, pamene ina ili ndi ndemanga 400 ndipo avereji yake ndi 4.6. Wongoyang'ana avereji adzaika yoyambayo pamwamba, pamene aliyense wodziwa ntchito angasankhe yachiwiriyo, chifukwa anthu atatu angathe kukhala mwini malo, mkazi wake ndi mlamu wake. Akatswiri a ku Zomba akuidziwa bwino njira yothetsera vutoli: malo a ndemanga zochepa amayamba aikidwa pafupi ndi avereji ya gulu lawo lonse, ndipo amasunthira kumene ndemanga zawo zikuwakokera pokhapokha ndemangazo zikamachuluka. Pakhalenso chiwerengero chochepetsetsa chimene malo asanachifike sapatsidwa nambala pamndandanda.

Malo azifananitsidwa ndi anzake a mtundu umodzi. Nyika ndi Senga Bay sizingapikisane pa kuchuluka kwa anthu olowa, chifukwa kwina umafika pa maola awiri kuchokera ku Lilongwe pa msewu wa tala, pamene kwinako umachoka ku Rumphi n'kukwera maola angapo pa msewu wafumbi umene nthawi ya mvula umafuna galimoto yamphamvu. Zithunzi zakale za pamiyala za ku Chongoni ku Dedza, zimene bungwe la UNESCO linaziika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006 ndipo zili m'malo 127, sizidzalandira khamu ngati la kunyanja, ndipo kunena zoona siziyenera kutero, pakuti utoto wa pamwala umafufutika ndi manja ndi utsi wa anthu. Kuchuluka kwa alendo kumatiuza kuti malo ndi osavuta kufikako ndiponso ndi odziwika, koma sikutiuza ngati akusamalidwa bwino. Pakhale gulu la magombe ndi zilumba, gulu la nkhalango za nyama zakutchire, gulu la mapiri, gulu la malo a mbiri ndi chikhalidwe monga Kungoni ku Mua, Livingstonia, tchalitchi cha St Peter's pa Likoma ndi nyumba yosungira zakale ya ku Karonga, ndipo gulu lililonse likhale ndi mafunso ake. Pa phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002 ndipo linalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2025, mafunso oyenera ndi okhudza njira zokwerera, tinyumba togonamo pamwamba, maphunziro a otsogolera alendo ndi onyamula katundu, moto wolusa, kudulidwa kwa mkungudza, ndi dongosolo lofunafuna munthu akasochera mu nkhungu. Palibe limodzi la mafunso amenewa limene lili ndi tanthauzo pa gombe la Chintheche.

Pali mfundo ina imene ndikudziwa kuti siikoma m'makutu a boma, koma wakutsina khutu ndi mnansi. Muyeso usiyanitse zimene zili m'manja mwa mwini malo ndi zimene zili m'manja mwa boma ndi makhonsolo. Ndinaonapo mwini loji wina wakhama, amene mabedi ake anali oyera ndipo antchito ake anali aulemu, akulandira ndemanga yoipa kuchokera kwa mlendo amene anaphulitsa matayala awiri m'maenje a pamsewu, nafika usiku magetsi atazima, jenereta ili phee chifukwa mafuta anali atasowa m'dera lonselo. Mlendoyo sananame, ulendo wake unalidi wowawa, koma chilango chinagwera munthu amene sakumba maenje pamsewu ndipo sagula mafuta a dziko. Ngati dera lililonse litakhala ndi malikisi awiri oonekera padera, ena a ntchito ya eni malo ndi ena a msewu, magetsi, madzi, netiweki, chipatala ndi apolisi, mlendo adzadziwa chimene akukakumana nacho, mwini malo sadzasenza mlandu wa eni ake, ndipo inu a Nduna mudzakhala ndi pepala lokaonetsa anzanu oona za misewu ndi za mphamvu zamagetsi pokambirana bajeti. Mwina ichi n'chimene chingapangitse ena kuzengereza, popeza boma lidzakhala likudzilembera lokha malikisi, koma mndandanda umene umayesa aliyense kupatula mwini wake palibe amene angaukhulupirire.

Chiwerengero chilichonse chizikhala ndi tsiku limene chinatengedwa, ndipo chizitha ntchito pakapita nthawi yoikika. Munthu amene anafika ku Majete chaka cha 2003 chisanafike akanakuuzani kuti kulibe choona, ndipo akanakhala akunena zoona, chifukwa opha nyama mozemba anali atamaliza pafupifupi nyama zonse zikuluzikulu. Bungwe la African Parks litayamba kuyendetsa malowa m'chaka chimenecho, zipembere zinabwezeretsedwa, njovu zinatsatira kuyambira mu 2006, ndipo mikango inafika mu 2012. Ku Liwonde, kumene bungweli linayamba mu 2015, akakwiyo othamanga aja otchedwa cheetah anabwera mu 2017 ndipo mikango mu 2018. Mbiri yakale ikanapitiriza kuwerengedwa pamodzi ndi yatsopano, malo awiriwa akanakokedwera pansi ndi zinthu zimene zinatha kalekale. Zimachitikanso mobwerera. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anagumula milatho, misewu ndi njira za m'mapiri ku Mulanje, Phalombe ndi Blantyre m'masiku ochepa chabe, ndipo mu 2024 madzi a m'nyanja anakwera mpaka kumiza magombe ndi nyumba zina za maloji ku Mangochi ndi ku Salima, pamene zithunzi ndi malikisi a pa intaneti ankaonetsabe mchenga woyera umene panthawiyo unali pansi pa madzi. Ndondomeko ya Blue Flag, imene imapereka mbendera ku magombe aukhondo ndipo South Africa inakhala dziko loyamba kunja kwa Ulaya kuilowa mu 2001, imapereka mbenderayo kwa nyengo imodzi yokha, madzi amapimidwa mobwerezabwereza, ndipo mbendera imatsitsidwa zinthu zikaipa. Ifenso titengerepo nzeru, ndipo tionjezere kuti kuyesa kuzichitika m'dzinja komanso m'chilimwe, pakuti msewu wa mu Okutobala ndi wa mu Febuluwale ndi misewu iwiri ngakhale dzina likhale limodzi, monganso nyanja ya nthawi ya mwera imasiyana ndi nyanja yabata.

Kukula kwa dera limene likuyesedwa nakonso kumabala chilungamo kapena tsankho. Matenda a likodzo alipodi m'mbali zina za nyanja yathu, ndipo kubisa zimenezi n'kupusitsa mlendo komanso kunyalanyaza ana a m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja amene amadwala kuposa mlendo aliyense. Koma tizilombo toyambitsa matendawa timadalira nkhono zina za m'madzi, zimene zimachuluka m'malo ena ndi kuchepa m'malo ena, makamaka potengera kuya kwa madzi, zomera ndi kuchuluka kwa anthu ogwiritsa ntchito gombelo. Nyanja yotalika makilomita oposa 500 singapatsidwe chiweruzo chimodzi. Gombe lililonse lipimidwe palokha ndi a zaumoyo, zotsatira zilembedwe pachikwangwani pagombe pomwepo, ndipo mlendo auzidwe za mankhwala a praziquantel ndi nthawi yoyenera kukayezetsa. Ife tikudziwa kupweteka kwa kuweruzidwa mwachigulu. Kumapeto kwa Novembala 2021, asayansi a ku South Africa ndi ku Botswana atalengeza za mtundu wa Omicron wa matenda a Covid-19, dziko la Britain linaika Malawi, Zambia, Mozambique ndi Angola pamndandanda wake wofiira woletsa maulendo pamodzi ndi mayiko ena a kummwera kwa Africa, pamene mayiko a ku Ulaya amene anali atapeza kale mtunduwo sanaikidwepo. Mndandandawo unachotsedwa pa 15 Disembala, koma maulendo a nthawi ya Khirisimasi anali atalephereka kale. Chimene tinadandaula nacho panthawiyo chinali chakuti lamulo limodzi linagwira ntchito kwa ena n'kulekerera ena, ndipo kungakhale kuchititsa manyazi ife titachita zomwezo kwa Nsanje kapena Chitipa.

Nanga woyesayo akhale yani? Mu Seputembala 2021 banki ya World Bank inathetsa lipoti lake lotchuka la Doing Business, limene linkasanja mayiko potengera kuphweka kochita malonda, kafukufuku atapeza kuti ziwerengero za mayiko ena, kuphatikizapo China ndi Saudi Arabia, zinasinthidwa mosayenera m'malipoti a 2018 ndi 2020. Ngati bungwe lalikulu chotero linagwa m'dzenje limeneli, ofesi yathu yaing'ono, kumene woyendera malo ndi mwini hotela mwina anaphunzira sukulu imodzi kapena amapemphera tchalitchi chimodzi, iyenera kudziteteza kwambiri. Oyendera a buku la Michelin, limene linayamba kupereka nyenyezi ku malo odyera mu 1926, amafika mosadziwika ndipo amalipira okha chakudya chawo. Oyendera athu asamalandire chipinda chaulere, chakudya, mafuta a galimoto kapena alawansi kuchokera kwa amene akumuyesa, azisinthidwa madera kawirikawiri, ndipo malo ena osankhidwa mwamaere aziyesedwanso ndi gulu lachiwiri losadziwa zimene loyamba linapeza. Magulu awiriwo akamasiyana kwambiri, ndiye kuti vuto lili mu muyeso kapena mwa oyesa, ndipo zimenezo zilengezedwenso. Tisaiwale kuti boma ndilo lili ndi masheya ambiri mu kampani ya mahotela ya Sunbird, ndiponso ndilo mwini nkhalango zikuluzikulu za nyama zakutchire. Sindikunena kuti pali cholakwa chimene chachitika, koma nzeru ikufuna kuti nthambi imene imatsatsa malo athu kwa alendo isakhale yomweyo yowerengetsera malikisi. Kusonkhanitsa ndi kuwerengetsera ziwerengero kukhale m'manja mwa National Statistical Office, mothandizana ndi sukulu zathu za ukachenjede, ndipo unduna ulandire zotsatira tsiku lomwelo limene wina aliyense akuzilandira.

Mawu a anthu okhala pamalopo nawonso alowe mu muyeso, osati ngati chokometsera cha kumapeto kwa lipoti koma ndi malikisi akeake. Mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu, ndipo kwa mlendo wonyamula kamera imeneyi ndi nkhani yabwino. Koma anthu a m'midzi yozungulira nkhalangoyo, mbali ya kuno ndi mbali ya ku Zambia, akhala akudandaula za minda yoonongeka ndi miyoyo yotayika. Ku Cape Maclear mudzi wa Chembe uli pakati pa malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, amene analowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984 makamaka chifukwa cha nsomba za mbuna, ndipo asodzi, amayi otsuka mbale pagombe ndi alendo osambira amagwiritsa ntchito madzi amodzi. Malo amene mlendo akuwapatsa nyenyezi zisanu pamene mwini mudzi watsekeredwa njira yopita kunyanja ndi mpanda wa loji sanayesedwe mokwanira. Mlendo ndi mame, amakhala masiku atatu n'kupita, pamene msodzi wa pa Chembe ndiye amadziwa kumene zinyalala za m'maloji zimathera mwezi wonse. Zinthu zoyeseka zilipo: antchito angati mwa khumi alionse ndi ochokera m'deralo, chakudya chochuluka bwanji chimagulidwa kwa alimi ndi asodzi apafupi, ndalama zingati za pachipata zafika kumidzi yozungulira, madandaulo angati a nyama zoononga alandiridwa ndipo angati ayankhidwa.

Pakhalenso khomo lodandaulira. Mwini malo kapena khonsolo imene ikuona kuti yalakwiridwa ipatsidwe ziwerengero zonse zimene zinagwiritsidwa ntchito, ndi masiku oikika okaonetsa pamene palakwika zotsatira zisanasindikizidwe, ndipo apiloyo imvedwe ndi anthu ena osati amene anayesa. Cholakwa chikapezeka pambuyo posindikiza, chikonzedwe poyera ndi kulemba tsiku, osati kungosintha nambala mwakachetechete usiku. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani kuchokera ku maofesi a boma, limene linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, likutipatsa kale ufulu wopempha ziwerengero zoterezi, choncho n'kwabwino kungozitulutsa popanda kudikira kufunsidwa. Maina ndi manambala a foni a alendo amene ayankha mafunso ndiwo okha ayenera kubisidwa.

Ndikudziwa kuti funso limene lidzatsatire ndi la ndalama. Mlendo aliyense wogona kapena kudya m'malo olembetsedwa amalipira kale msonkho wa 1 peresenti wa zokopa alendo, ndipo kagawo kochepa ka ndalama imeneyi kangakwanitse kusindikiza mabuku a pachipata a mizere yofanana m'dziko lonse, kuphunzitsa olemba, ndi kulipira ofunsa mafunso. Tanthauzo la mlendo silikufunika kupekedwa mwatsopano, chifukwa malangizo a United Nations a 2008 okhudza ziwerengero za zokopa alendo amasiyanitsa kale wogona ndi wobwerera tsiku lomwelo, komanso wodzacheza ndi wodzagwira ntchito yolipidwa, ndipo kuwatsatira kudzachititsa kuti ziwerengero zathu zifananitsike ndi za Zambia, Tanzania ndi Mozambique. Musayambe ndi dziko lonse. Sankhani gulu limodzi, mwina magombe a Mangochi, Salima, Nkhotakota ndi Nkhata Bay, lengezani muyeso wake kuti anthu aukambirane kwa miyezi itatu, yesani m'dzinja ndi m'chilimwe, ndipo chaka choyamba tulutsani ziwerengero zokha popanda kunena woyamba ndi wotsiriza, kuti eni malo, makhonsolo ndi akatswiri apeze pamene muyesowo ukutsimphina munthu aliyense asanataye alendo chifukwa cha iwo. Ife otsogolera alendo tili m'malo amenewa sabata iliyonse, ndipo mafomu mukatipatsa tidzakunyamulirani.

Ndine wanu mwaulemu,

Mmodzi mwa otsogolera alendo m'dziko muno